Abale a Chikanda: Maluwa a Orchid M'mbali mwa Mtsinje wa Kafue

Mukachoka m'tauni ya Kafue n'kulowera chakumadzulo, mitengo imayamba kuchepa, dothi limada, ndipo dziko limangoti see mpaka kumene maso alekeza. Kumeneko ndiko kuli Chanyanya, mudzi wa asodzi ndi alimi womwe uli m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha Kafue Flats. M'mawa mabwato amakocheza padoko ndi nsomba za usiku, ogula akudikira ndi mabeseni awo. Pa piringupiringu wotereyu, monga zilili m'misika yambiri ya m'Zambia, sipalephera kupezeka mayi atakhala pambali ndi mbale yovundikira. Akavundukula mumaona chinthu chofiirira, choumbika ngati keke, chonyezimira pang'ono pamwamba. Amadula kachidutswa ndi mpeni, kachidutswako n'kumanjenjemera koma osaphwanyika, kenako amawazapo tsabola. Chimenecho ndi chikanda. Ku Malawi ambiri amati chikande, kumpoto amati chinaka, ndipo a m'tauni anachipatsa dzina loti African polony chifukwa m'kamwa chimamveka ngati nyama.

Wogula akamatafuna kachidutswako saganizako za maluwa. Komatu ufa umene wagwirizanitsa nsinjiro za m'chikandamo kuti zilimbe chonchi wachokera ku timbatata ta zomera za m'banja la orchid, banja lomwelo la maluwa oyera ndi apinki amene amagulitsidwa m'timiphika tapulasitiki m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka, pa mtengo woti n'kugulira thumba la ufa. Kwathu kuno banjali tilibe nalo dzina limodzi. Zimene timadya tinazipatsa maina, zotsalazo timangoti maluwa akutchire. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti orchid ndi duwa la azungu, pamene madambo ndi mitengo yathu yakhala ikusunga maluwa amenewa kuyambira makolo asanafike m'dziko muno.

Banjali ndi limodzi mwa mabanja aakulu kwambiri a zomera zamaluwa: lili ndi mitundu pafupifupi 28,000, ndipo imapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Malawi, ngakhale ndi dziko laling'ono, ali ndi mitundu yoposa 400, ndipo yoposa 200 imapezeka pa Nyika pokha. Zambia nayo ili ndi mitundu mazana angapo. Kuti muzindikire duwa la m'banjali, liyang'aneni pafupi. Lili ndi timasamba titatu takunja ndi titatu tam'kati, koma kamodzi mwa tam'katito n'kosiyana ndi tinzake: kamatambalala ngati mlomo, ndipo ndi poterapo njuchi kapena gulugufe. Mungu wake si ufa wouluka ngati wa ngayaye za chimanga. Umakhala timibulu tomata, tomwe timakakamira pamutu pa kachilombo kakabwera kudzamwa timadzi totsekemera. Maluwa ena anachita kuzolowerana ndi kachilombo kamodzi kokha. Mu 1862 Charles Darwin ataona orchid wina wa ku Madagascar wokhala ndi kachubu ka timadzi kotalika pafupifupi masentimita 30, ananena kuti kumeneko kuyenera kuti kuli gulugufe wa usiku wa lilime lotalika chimodzimodzi. Gulugufeyo anadzalembedwa m'mabuku a akatswiri mu 1903, Darwin atamwalira kalekale.

Kwa munthu wofuna kulima maluwawa, chofunika kudziwa choyamba n'chakuti banjali lili ndi makhalidwe awiri. Ena amamera pansi, amasunga chakudya m'timbatata, amauma m'chilimwe n'kudzaphukanso mvula ikagwa. Chikanda chili m'gulu limeneli, ndipo mitundu yambiri ya ku Zambia ndi ku Malawi ndi yotere. Ena amakhala pamitengo. Sayamwa mtengo monga kaufiti ayamwira chimanga, amangoupempha pokhala. Mizu yawo imakangamira pakhungwa, ndipo ili ndi khungu loyera longa siponji lomwe limamwa mvula ndi mame msangamsanga kenako n'kuuma ndi mphepo. Pafupifupi onse amene amagulitsidwa m'masitolo ndi a gulu lachiwirili. Munthu amagula duwa lokongola, amaliona lili m'makungwa okhaokha, amalimvera chisoni, n'kulisamutsira m'dothi labwino la manyowa. Pakatha mwezi mizu yonse yawola. Ma orchid ambiri amene amafera m'manja mwathu amaphedwa ndi dothi ndi madzi, osati ndi ludzu.

Dziko la makande

Chigwa cha Kafue Flats n'chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 6,500, ndipo chili pakati pa madamu awiri: la Itezhi-Tezhi kumtunda ndi la Kafue Gorge kumunsi, onse omangidwa m'zaka za m'ma 1970. Chili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenako miyezi isanu ndi iwiri kumakhala gwaa. Mu Okutobala masana kumatentha kupitirira madigiri 30, koma usiku wa mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Dothi la m'chigwamo ndi makande: m'dzinja limamata n'kusunga madzi ngati mphika, m'chilimwe limang'ambika ming'alu yoti n'kulowa dzanja. Likathiriridwa limabereka tirigu ndi soya m'minda yozungulira Chanyanya, ndi nzimbe kutsidya ku Mazabuka. Kwa mizu ya orchid wa pamtengo dothi limeneli ndi manda.

Izi siziyenera kukugwetsani ulesi. Chimene alimi a maluwa a ku Ulaya amawonongera ndalama zambiri, pomanga nyumba zamagalasi ndi kuzitenthetsa, ku Chanyanya chilipo chaulere: kutentha ndi kuwala. Chotsala n'kusankha mitundu yoyenera malowo ndi kuiiwala nthaka.

Kambuku wa pamtengo

Ndikadafunsidwa duwa loyamba nalo munthu wa m'chigwa chotentha, ndikadatchula Ansellia africana mosazengereza. Ndi wathu ndithu. Amapezeka m'zigwa za Zambezi, Luangwa, Kafue ndi Shire, atakhala pamphanda za mitengo ikuluikulu kapena pansi pa makhwatha a mgwalangwa. Dzina lake linachokera kwa John Ansell, amene anatola chomerachi pa chilumba cha Fernando Po, chomwe lero chimatchedwa Bioko, pa ulendo wa ku mtsinje wa Niger mu 1841. Ambiri amamutcha orchid wa kambuku chifukwa maluwa ake ndi achikasu a mathothomathotho ofiirira.

Mukaima pansi pa mtengo umene pali chitsa chachikulu cha Ansellia, poyamba mungaganize kuti ndi chisa cha mbalame yaikulu. Mapesi ake ali ngati nzimbe zing'onozing'ono zothithikana, okhala ndi mfundo, ena a masamba, ena akale opanda masamba koma akusungabe madzi. Kunsi kwake kuli chodabwitsa: kuwonjezera pa mizu yogwira khungwa, pali timizu tina tambirimbiri toyera, tosongoka ngati zisonga, toloza kumwamba. Timizuti tapanga dengu. Masamba ouma a mtengo akamayoyoka amakodwa m'dengumo, amawolerana momwemo, ndipo chomeracho chimadzipangira manyowa chokha chili m'mwamba. Ndiye m'chilimwe, tchire lonse litauma ndipo kwina litapsa ndi moto, m'pamene chimatulutsa nthambi za maluwa ochuluka, onunkhira pang'ono dzuwa likawomba.

Kubzala Ansellia pakhomo sikulira ndalama. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, mvula ili pafupi, pamene nsonga za mizu yatsopano zayamba kubiriwira. Pemphani kwa mnzanu amene ali ndi chitsa chachikulu kuti akugawireni. Chigawo chikhale ndi mapesi osachepera atatu kapena anayi, chifukwa phesi latsopano limadya kwa akale mpaka litayamba kudziimira. Mpeni wodulira muuwambe kaye pamoto kuopa kufalitsa matenda, ndipo pabalapo muthirepo ufa wa makala. Kenako sankhani mtengo wa khungwa lokakala, losafundukafunduka. Bulugamu sayenera, chifukwa amataya khungwa pamodzi ndi mizu yomwe yagwirapo. Mango ali bwino ngati mwasankha nthambi ya m'mphepete yofikako dzuwa. M'kati mwa mango wothithikana chomeracho chimangobiriwira chaka ndi chaka osatulutsa duwa. Ine mtengo umene ndimaukonda pa ntchitoyi ndi nsangu. Nsangu umachita zosemphana ndi mitengo inzake: umayoyola masamba m'dzinja n'kuvala m'chilimwe. Motero umapereka mthunzi wopepuka pamene dzuwa la Okutobala likuwotcha, n'kulola kuwala kudutsa pamene kumwamba kuli mitambo.

Ikani chigawocho pamphanda, mbali ya kum'mawa, pamwamba poti mbuzi singafikire ngakhale itaimirira ndi miyendo iwiri. Mangani zolimba ndi luzi kapena nsanza ya chitenje, osati waya. Chikamagwedezeka ndi mphepo nsonga za mizu zimanyuka ndipo sizigwira. Muzithira madzi m'mawa mpaka mvula itakhazikika. Dzinja limodzi likatha mudzaona mizu itayala pakhungwa ngati zala, ndipo luzi lija lidzawola lokha ntchito yake itatha. M'nyengo yozizira chepetsani madzi kwambiri. Kuuma kumeneko ndiko kumachiuza kuti nthawi ya maluwa yayandikira. Mwina chaka choyamba sichidzachita maluwa, mwinanso chachiwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ulimi uwu mawuwo ndi oona.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachilekerere. M'mbali mwa misewu ina mumapezeka anthu akugulitsa zitsa za Ansellia zozulidwa kutchire, zina zikadali ndi khungwa la mtengo umene anadula kuti azifikire. Chitsa chachikulu chotero chinatenga zaka makumi kuti chifike pamenepo. Bungwe la IUCN linaika chomerachi pa mndandanda wa zomwe zili pachiopsezo, chifukwa cha kudulidwa kwa mitengo ndi kuzulidwa kwa malonda ndi mankhwala azitsamba. Kugula chitsa chotero n'kutuma wogulitsayo kuti akadule mtengo wina. Kuchotsa chomera m'malo osungira nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo ma orchid onse ali pansi pa pangano la CITES, kutanthauza kuti kuwaolotsa malire a dziko kumafuna chilolezo. Chigawo chochokera pakhomo pa mnansi n'chokwanira, ndipo chimagwira msanga kuposa chozulidwa kutchire.

Amene alibe mtengo angagwiritse ntchito mphika wadothi wobooledwa pansi ndi m'mbali. M'malo mwa dothi ikani makala otsuka, a msinkhu wa chala chachikulu, osakaniza ndi zidutswa za njerwa zootcha. Mabuku akunja amalangiza makungwa a paini, koma kwathu kuno makungwa amaitana chiswe, pamene makala ndi njerwa chiswe sichizifuna. Mphika usakhale pansi. Uikeni pathandala kapena muupachike pachisakasa cha mabango, mphepo izidutsa.

Ilipo mitundu ina yopirira kutentha. Eulophia petersii amamera pamiyala m'malo ouma. Masamba ake ndi olimba, a m'mphepete mokakala, ndipo mapesi ake otupa amakhala pamwamba pa nthaka. Anatchedwa dzina la Wilhelm Peters, katswiri wa ku Germany amene anayenda m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840. Ameneyu amafuna mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi timiyala, dzuwa lambiri ndi madzi ochepa. Winanso wosavuta ndi Epidendrum wa mapesi onga bango, wochokera ku America, amene ali kale m'minda ya maluwa yambiri ya m'matauni athu. Ali ndi timaluwa tofiira kapena taolenji tokhala m'magulu, ndipo amabereka tiana pamapesi, tokhala ndi mizu yake kale, toti n'kungothyola n'kubzala.

M'nyumba ya malata

Duwa la m'sitolo lija nthawi zambiri ndi Phalaenopsis. Makolo ake ndi a m'nkhalango zachinyontho za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, monga ku Philippines ndi Indonesia, kumene amakhala pamitengo mumthunzi. Alibe mapesi osungira madzi ngati Ansellia, ndiye sapirira chilala chachitali, komanso dzuwa lamasana limawotcha masamba ake m'tsiku limodzi, n'kusiya zigamba zoyera zomwe sizipolanso. Malo ake ndi pafupi ndi zenera la kum'mawa, kuseri kwa katani yopyapyala.

Amakonda kutentha kumene munthu amakondanso, pakati pa madigiri 18 ndi 29. Vuto la nyumba zathu zambiri ndi malata opanda siling'i: masana a Okutobala m'nyumba mumasanduka uvuni, usiku wa Julaye mumazizira ngati panja. M'nyengo yotentha ndi bwino kumutulutsira pakhonde la mthunzi, ndipo m'nyengo yozizira kumuchotsa pazenera usiku. Kuzizira pang'ono kwa mu Meyi ndi Juni n'kothandiza, chifukwa ndiko kumadzutsa phesi la maluwa, ndipo maluwawo akamasula amatha miyezi iwiri kapena itatu asanafote.

Za kathiriridwe, mizu yake imanena yokha. Mphika wapulasitiki woonekera m'kati uja usautaye, chifukwa ndi zenera lanu. Mizu ikakhala yobiriwira, madzi alipo. Ikayera ngati siliva, yakwana nthawi. Thirani m'mawa, madzi ambiri, adutse n'kutuluka pansi, ndipo mphika usakhale m'mbale ya madzi. Madzi akalowa pamtima, pamene masamba akumana, apukuteni ndi kansalu, chifukwa akagonapo mtimawo umawola ndipo chomera chatha. Madzi abwino ndi amvula. A m'mijigo yambiri ya m'chigawo cha Lusaka ali ndi laimu wambiri, amene mumamuona atayera m'ketulo, ndipo laimu yemweyo amaunjikana pamizu. Feteleza akhale wosungunula m'madzi, gawo limodzi la magawo anayi a mulingo wolembedwa papaketi, kawiri pamwezi m'nyengo imene chikukula. Njere za feteleza wa chimanga musaziike pamizu, zimawotcha. Utsi wa mbaula ndi mpweya wotuluka m'nthochi zikamapsa zimayoyola maluwa asanamasule, choncho duwali lisakhale kukhitchini. Kodikodi, tizilombo toyera tonga thonje timene alimi a chinangwa amatidziwa bwino, timabisala m'munsi mwa masamba; kansalu koviika m'madzi a sopo n'kokwanira ngati mwationa msanga.

Alimi ena amafunsa za vanila, poti anamva kuti ndi wa ndalama. Nayenso ndi orchid, woyanga ngati chilazi, wochokera ku Mexico. Kunja kwa kwawo maluwa ake amafuna kuwapatsa mungu ndi manja, limodzilimodzi, m'mawa wa tsiku lomwe lamasula, mwa njira imene anatulukira Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 yemwe anali kapolo pa chilumba cha Réunion, mu 1841. Amachita bwino ku Madagascar ndi ku Uganda kumene mpweya umakhala wachinyontho miyezi yambiri. Chilimwe chachitali cha m'chigwa cha Kafue ndi usiku wake wozizira sizimuyanja.

Nanga bwanji osalima chikanda?

Mlimi aliyense amene wawerenga kufika pano ali ndi funso limeneli, ndipo n'loyenera. Ngati banjali lingalimidwe, ndipo msika wa chikanda ulipo tsiku ndi tsiku, bwanji osachibzala m'dimba ngati mbatata?

Tiyambe ndi mphika. Timbatata ta chikanda n'tating'ono, tofiirira, ambiri osaposa dzira la nkhunda. Amatitsuka, kutiyanika, n'kutisinja. Mayi amatereka madzi ndi nsinjiro, amathira mchere ndi soda, kapena chidulo monga ankachitira agogo, ndipo zikawira amawazamo ufa wa chikanda pang'onopang'ono uku akuvundula ndi mthiko. Phala lija limayamba kulemera, limasintha mtundu, mpaka mthiko umachita kukana. Ndiye amasalaza pamwamba, amavundikira, n'kuika makala amoto pachivundikiro kuti chipse ndi kumwamba komwe. Chikazizira chimatuluka mumphika chathunthu. Chimene chimalimbitsa chonchi ndi ulimbo wachilengedwe wa m'timbatatamo, wotchedwa glucomannan. Ku Turkey nakonso amakumba timbatata ta ma orchid akwawo n'kupanga ufa wa salep, wothira m'chakumwa chotentha ndi m'ayisikilimu, ndipo maluwa awo akutha chifukwa cha kukumbako.

Kale chikanda chinali chakudya cha kumudzi cha Abemba ndi anansi awo a kumpoto kwa Zambia. Audrey Richards anachitchula m'buku lake la 1939 lonena za ulimi ndi zakudya za Abemba, ndipo nthawi imeneyo inali ndiwo wamba yosapatsidwa ulemu. Anthu atasamukira ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Lusaka anapita nacho, mitundu ina inachilawa n'kuchikonda, ndipo lero chili pa maukwati, m'mahotela ndi m'masitolo. Madambo a kufupi atayamba kuperewera, amalonda anaolokera ku Tanzania kudzera pa Nakonde ndi Tunduma, ndipo timbatata tina timachokera ku Malawi, ku Congo ndi ku Angola. Kafukufuku wa akatswiri a bungwe la Wildlife Conservation Society ndi anzawo, wofalitsidwa mu 2003, anayerekeza kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania kulowa m'Zambia chaka chilichonse. Pa msika wa Soweto ku Lusaka timagulitsidwa m'matumba ndi m'zitini, ndipo amalonda amasiyanitsa tolimba tabwino, timene amati myala, ndi totchipa tosagwira bwino, timene amati mbwelenge.

Kambatata kalikonse m'thumbamo ndi chomera chimodzi chakufa. Mitundu imene imakumbidwa kwambiri ndi ya Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Mukafukula chimodzi mvula ikamatha mupeza timbatata tiwiri: kakale kofwaphira, komwe kadyetsa chomera chaka chino, ndi katsopano kolimba, komwe ndi nkhokwe ya chaka chamawa. Wokumba amatenga katsopanoko. Mbatata ya kholowa mukakumba mumatsala ndi mbewu yambirimbiri. Apa simutsala kanthu, kupatula njere, ngati zinali zitakhwima kale.

Njerezo ndiye pagona nkhani. Njere ya orchid ili ngati fumbi. Kathumba kamodzi kamakhala ndi zikwizikwi, koma njere iliyonse ilibe kamba wa paulendo monga ili nayo njere ya chimanga kapena ya nyemba. Kuti imere iyenera kugwera pamene pali ulusi wa bowa wina wake wa m'nthaka, wosaoneka ndi maso, umene umalowa m'njeremo n'kuyamba kuidyetsa. Katswiri wa ku France Noël Bernard ndiye anazindikira zimenezi mu 1899. Popanda bowa woyenera njere imangofa, ndipo ngakhale imere, pamapita zaka isanafike pochita maluwa. Mu 1922 Lewis Knudson wa ku America anaonetsa kuti njerezi zingamere m'mabotolo otsekedwa, pa chakudya chokhala ndi shuga, popanda bowa. Njira imeneyi, pamodzi ndi kuchulukitsa zomera m'malabotale, ndiyo inachititsa kuti Phalaenopsis afike m'sitolo iliyonse padziko. Koma imafuna ukhondo wa labotale. Si ya panazale ya kudimba.

Vuto lachiwiri ndi malo. Chikanda chabwino chimachokera m'madambo ozizira ndi m'maudzu a pamapiri: ku Serenje, ku Mpika, ku Mwinilunga, pa Nyika, ndi pa Kitulo ku Tanzania, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,600. Kumeneko dothi ndi lopepuka, lakuda ndi zowolerana, lonyowa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono. Makande a ku Chanyanya, omira m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe, ndi dziko lina. Wobweretsa timbatata ta ku Mpika n'kutikwirira m'dimba la m'mbali mwa Kafue akhoza kuona masamba chaka choyamba, kuchokera ku chakudya chomwe kambatata kanabwera nacho, koma asayembekezere zokolola.

Ena akuyesetsa kuteteza maluwawa. Mu 2005 boma la Tanzania linakhazikitsa Kitulo National Park, malo amene eni dera amawatcha Bustani ya Mungu, kutanthauza munda wa Mulungu. Ndi paki yoyamba m'chigawo chotentha cha Africa kukhazikitsidwa makamaka chifukwa cha maluwa, ndipo muli mitundu 45 ya ma orchid a pansi. Mu 2016 a Royal Botanic Gardens, Kew, a ku Britain, pamodzi ndi Copperbelt University ya ku Kitwe ndi mabungwe ena, anayamba ntchito yosonkhanitsa njere za chikanda, kuzimeretsa m'labotale ndi kukambirana ndi anthu a m'midzi za kakumbidwe kosamala. Ntchito zoterezi n'zofunika, koma chikanda chimene chili pamsika lero n'chochokerabe kutchire.

Ena amati njira ndi kuletsa kukumba basi. Ine sindikhulupirira zimenezo. Okumba ambiri ndi amayi ndi ana a m'midzi yosauka; ku Makete, ku Tanzania, kafukufuku anapeza kuti ambiri mwa iwo anali ana amasiye ndi mabanja okhudzidwa ndi Edzi. Kwa munthu wotero chitini cha chikanda ndi sopo, ndi makope a kusukulu. Kumulanda khasu popanda kumupatsa china ndi nkhanza, komanso sikungatheke, chifukwa palibe msilikali angalondere dambo lililonse. Amene angathe ndi eni dambo. Madambo ambiri ali m'manja mwa mafumu, ndipo mfumu imene imatha kutseka nyengo ya kusodza kapena kuletsa kudula mitengo ya kumanda ingathenso kunena kuti m'dambo lakuti musalowe khasu mpaka timatumba ta njere titauma n'kusweka, kuti mbali ina ipume zaka zingapo, ndi kuti wokumba asamalize zonse pamalo amodzi. Moto wolusa wa kumapeto kwa chilimwe ndi kusandutsa madambo kukhala minda nazonso zikufunika maso a mfumu ndi anthu ake.

Inu okhala ku Chanyanya, ku Kafue, ku Chikwawa kapena ku Tete, orchid wa dera lanu ndi wa pamtengo. Pemphani mapesi anayi a Ansellia kwa mnansi, mumange pa nsangu mu Novembala, ndipo akadzakula mudzagawireko wina. Inu a kumapiri amene madambo anu akadali ndi chikanda, kambiranani ndi mfumu yanu mvula isanathe, makasu asanalowe m'dambo.